Mtolo wa chinangwa kwa mwini mbuzi

Loweruka lapitali ndinapita ku Matope kukaona alamu anga a Nangozo, nditatchena jekete yanga ya kutchalitchi. Ndisanamwe n'komwe madzi, anandisenzetsa mtolo wa mitengo ya chinangwa.

"Tiyeni alamu, mapewawa si ongokolekapo jekete. Tikupita kwa a Lipenga."

A Lipenga ndi aneba awo, ndipo m'mawa womwewo mbuzi zawo zinali zitalowanso m'munda mwa alamu. Nkhaniyi si yamasewera ayi. Chimanga cha alamu chinapserera ndi ng'amba, ndiye chinangwacho ndicho chakudya chawo ndi ana mpaka adzakololenso. Mbuzi zikachibudula masamba n'kuchikungudza khungwa, pansi sipakula kanthu.

Ine ndinapsa mtima. "Munthu wakudyetserani munda, inu mukumupititsira mphatso? Bwanji osakasuma?"

"Ndikasume kuti chiyani? Walakwa chiyani?"

Inu a kuno ku Neno mukudziwa: tikangokolola chimanga, ziweto timazitayirira kuti zizidya mapesi. Mwambowu unabwera nthawi imene mvula inkasunga pangano, m'chilimwe m'minda mulibe kanthu. Lero mvula imagwa tsiku limodzi n'kupita kokacheza. Anthu athawira ku chinangwa chifukwa chimapirira dzuwa, koma chinangwa chimagonera m'munda chaka chonse. Kodi mbuzi anaziuza ndani kuti zinthu zasintha?

A Lipenga atationa anayamba kudziteteza tisanakhale n'komwe pansi.

"Mayi, mwambowu sindinayambitse ndine. Mpanda n'ngwa mwini munda."

"Ife sitinabwerere mlandu, bambo," anatero alamu akumwetulira. "Tabweretsa mbewu. Mbuzi zanu zachilawa, zati n'chokoma. Tati eni ake asamangomva."

Anawafotokozera kuti mitengoyo aiimike pamthunzi n'kumawaza madzi kutsinde kuti isaume ndi kutentha kwa masiku ano. Mvula yoyamba ikangogwa adule, abzale. Yachiwiri ikachedwa asadandaule, chinangwa chimadikira.

Apa ndi pamene ndinazindikira nzeru ya alamu. Mabanja ena onse a mbali imeneyo anawapatsa kale mbewu, ndipo aliyense atangobzala anayamba yekha kumanga mbuzi zake, popanda womukalipira. Munthu amene ali ndi chinangwa m'munda, mbuzi yotayirira amaiona ndi diso lina. Otsala anali a Lipenga okha.

Timakamba zambiri za kusintha kwa nyengo: mbewu zocha msanga, kuphimbira nthaka, mizere yosunga madzi. Zonsezo n'zabwino. Koma mbewu yopirira ng'amba ingakupindulireni chiyani ngati simunagwirizane ndi mwini mbuzi?

A Lipenga anakanda m'mutu. "Aaa, ine ndine wa chimanga. Ndiganize kaye."

Ndinagwa mphwayi.

Basi akazi awo a Lipenga, amene nthawi yonseyi ankangosenda mtedza pakhonde, anadzuka n'kundilanda mtolo uja.

"Inu ganizani, ine ndibzala. Koma mumve, abambo: mbuzi imene idzadye chinangwa changa, tsiku lomwelo ndi ndiwo m'nyumba muno."

Tinaseka mpaka misozi, eni ake a Lipenga n'kusekanso. Sindinasangalalepo chonchi chaka chino.

Tikutsanzika, tinawamva a Lipenga kuseri kwa khola akufunsa akazi awo motsitsa mawu: "Kodi zingwe zija munaika pati?"