Chibonga cha adada ndi ndowa ya amama

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, kumudzi kwathu kufupi ndi Embangweni, masiku aja munthu sankalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Amama atachokera kuchipatala ndi khanda, miyendo yawo inakana kuyenda. Ana tinali aamuna okhaokha, choncho adada anatola ndowa n'kuyamba kupita okha kuchitsime masanasana.

Kwathu kwa Angoni, malo a mwamuna ndi pasangweni, pachipata cha khola la ng'ombe. Kutunga madzi n'kwa akazi. Ndiye adada, amene akamavina ingoma nthaka inkagwedezeka, asenze ndowa! Kubusa anzanga ankanditcha mwana wa amayi awiri, ndipo manyazi ankandidya.

Tsiku lina adada akudutsa pasangweni atasenza madzi, mkulu wawo anaimirira n'kukankha ndowayo. Madzi onse anakhuthukira pa adada, amuna n'kufa nalo phwete.

"Mbwenu tikugulire chitenje," anatero abambo aakuluwo. "Tchalitchi chakufoola iwe."

Ndinathamangira kunyumba, n'kutenga chibonga cha adada, n'kuwapatsa m'manja. Sindibisa, ndinkafuna kuona magazi. Kuseka kunazima, pakuti aliyense ankadziwa kuti chibonga chimenecho chinaphapo fisi. Abambo aakulu anabwerera m'mbuyo.

Dzanja la adada linkanjenjemera, madzi akuchucha m'ndevu. Anamuyang'ana mkulu wawo. Kenaka anawerama, n'kukoloweka ndowa pachibongacho, n'kundilozetsa mbali inayo.

"Yewo, mwana wanga. Gwira uko. Amama ako ali ndi ludzu."

Tinabwerera kuchitsime. Panjira anangoti, "Pamaso pa Mulungu ndinalonjeza kusamala amama ako ngakhale pa matenda. Ambuye Yesu anasambitsa mapazi a anthu, ine indikanike ndowa?"

Tinadutsanso pasangweni pomwepo, ndowa yodzaza ikulendewera pakati pathu. Palibe anasekanso. Ine mantha anandigwira, ngati aja ogwira munthu mkati mwa pemphero. Tinatunga choncho mpaka amama anayambanso kuyenda.

Ndakumana nawo amuna ambiri odziwa kumenya, koma lero ndikudziwa kuti dzanja lija linkanjenjemera chifukwa linkalimbana ndi mwini wake, ndipo adada anapambana. Chibongacho ndikusunga ndine. Ana anga aamuna akandifunsa nkhani ya fisi, ndimawaonetsa kamzere ka pakati pake, pamene panadyeka ndi waya wa ndowa.