Filimu ya Dzuwa m'Dziko la Nkhungu

Chaka chimene zipani zinachuluka, malume anatsitsa chithunzi cha mtsogoleri wakale pakhoma la golosale yawo ku Nsambe. Panangotsala msomali ndi malo oyera a makona anayi. Cha mtsogoleri watsopano anakana kupachikapo.

"Ndikaika uyu, a chipani chinacho azikagula sopo kwina," anatero. "Pakhala ine mwini golosale."

Kamera anali nayo kale. Anasinthana ndi matayala awiri a njinga kwa bambo wina wa ku Mozambiki amene ankachoka kumsasa wa othawa nkhondo ku Luwani kubwerera kwawo. Panalibe wodziwa kuigwiritsa ntchito, koma poti ine ndinali nditamaliza Sitandade 8, ntchitoyo inagwera ine. Sindinakane. Nthawi imeneyo sindinkakana chilichonse. Munthu wamkulu akandifunsa funso, ndinkayamba ndaona yankho limene akufuna, n'kumupatsa lomwelo.

Filimu inkapezeka ku Lisungwi, kwa bambo wina wojambula amene ankatsuka yekha zithunzi zakuda ndi zoyera m'kachipinda ka kuseri. Zamitundu ankatumiza ku Blantyre, ndipo zinkatenga miyezi. Malume sakanadikira. Ndinakwera lole ya mbatatesi m'mwezi wa Juni nditavala majuzi awiri, ndipo pofika kuchigwako ndinali nditavula onse.

Wojambulayo anandionetsa potsegulira kamera ndi potembenuza, kenako anaika timabokosi tiwiri pathebulo. Kena kanalembedwa 100, kena 400.

"Sankhani, achimwene. Iyi ya 100 ndi yaulesi, imafuna dzuwa lambiri, koma nkhope imatuluka yosalala ngati ya khanda. Iyi ya 400 imaona ngakhale mumthunzi, koma chithunzi mukachikulitsa chimakhala ngati mwachiwaza mchenga."

Ndinaganizira nkhope ya malume ili mchenga okhaokha, itapachikidwa pamene panali mtsogoleri wa dziko.

"Kwanuko dzuwa liliko, eti?" anafunsa akupukuta thukuta ndi mpango.

Kwathu m'mwezi umenewo dzuwa timangolimva mbiri. Koma bamboyo anali atagwira kale kabokosi ka 100, ndipo anafunsa mwachikondi kwambiri moti kunena kuti ayi kukanakhala ngati kumutsutsa m'nyumba mwake.

"Liliko, bambo," ndinatero. "Lambiri."

"Basi. Womujambulayo mukamuimike pabwalo, dzuwa lili kumbuyo kwanu. Muli zithunzi khumi ndi ziwiri mmenemo. M'nyumba ayi, mwamva?"

"Ndamva, bambo."

Ndinabwerera kuphiri n'kupeza chiperoni chakhazikika. Munthu ataima pakhomo la golosale sankaona mtengo wa nachesi umene unali tsidya la msewu. Malume anali atachapitsa jekete, atabwereka tayi kwa aphunzitsi aakulu, ndipo anali atasankha kale poima: kuseri kwa kauntala, mashelefu onse akuoneka.

"Jambula, mphwanga. Shuga aoneke. Anthu adziwe kuti muno simusowa kanthu."

M'golosalemo munali windo limodzi, nalonso lotchingidwa ndi matumba a mchere. Mawu akuti "m'nyumba ayi" anali pakamwa panga. Ndinatsokomola, ndinayang'ana pansi, kenako ndinakweza kamera n'kudina. Malume anaika dzanja pasikelo, ndinadina. Anagwira cholembera ngati akusaina chinthu chofunika, ndinadina. Zithunzi zisanu ndi ziwiri zinapita motero.

Amene anandiona kuti ndikuvutika anali azakhali, akazi a malume. Anandipeza kuseri ndikupukuta kamera yosada.

"Iwe, nkhope ngati wameza fupa bwanji?"

Ndinawauza zonse, motsitsa mawu. Anaseka mpaka kugwira khoma.

"Ndiye wakhala ukujambula mdima? Ukanena liti?"

"Ndimati mwina mawa, azakhali."

Iwo sanadikire mawa. Analowa n'kuwauza malume kuti filimu imene mphwawo anagula ndi ya ku Lisungwi, siizolowera kuzizira, imafuna kuothera dzuwa. Malume anatembenukira kwa ine.

"Ndiye ndikaime pabwalo ngati wogulitsa mandasi? Nanga katundu?"

"Katundunso atuluke," anatero azakhali.

Tinadikira masiku anayi. Tsiku lachisanu chakumasana nkhungu inang'ambika, azakhali anakuwa kuti latuluka, ndipo tinayamba kuthamanga. Tinatulutsa thebulo, sikelo, mapaketi a shuga, sopo, machesi ndi chitini cha palafini. Anthu odutsa anaima. Mayi wina anafunsa ngati malume akusamuka. Mkulu wa mpingo wathu anafunsa ngati uli msonkhano wa chipani, kuti adziwe ngati akhale kapena athawe.

Ndinawaimika malume moyang'anana ndi dzuwa monga ndinauzidwira. Koma maso awo anali atazolowera nkhungu kwa milungu itatu.

"Malume, mukanatsegulako maso pang'ono."

"Ndatsegula."

"Pang'ononso, malume."

"Iwe, ukufuna ndichite khungu? Jambula!"

Ndinajambula zinayi. Misozi inkatsika mpaka pa tayi ya aphunzitsi. Patatsala chimodzi, mphepo inagwetsa mulu wa sopo, malume anawerama kutola, ndipo azakhali anathamangira kugwira sikelo akuseka. Chala changa chinali kale pabatani. Ndinamva kuti khethe. Kenako mtambo unabwerera.

Patapita sabata ndinatsikanso ku Lisungwi. Wojambula anatuluka m'kachipinda kake atanyamula filimuyo, akuiunika pawindo.

"Achimwene, izi zisanu ndi ziwiri munajambula m'phanga?"

Anatsukako chimodzi kuti ndidzionere. Munali mdima wokhawokha, kolala yoyera ikuyandama pakati, ndi mizere ya shuga kumbuyo. Zinayi za pabwalo zinali zowala bwino, tayi ikuoneka ulusi uliwonse, koma malume anali atafinya nkhope ngati akumwa mankhwala a malungo. Chomaliza chokha ndicho chinali chithunzi chenicheni: azakhali kuseri kwa thebulo, dzanja pasikelo, mano onse panja, nkhope yosalala monga analonjezera bamboyo. Cha malume munali msana wa jekete, pakona yam'munsi.

"Kwanu ndi kuti kwenikweni?" anafunsa.

"Ku Nsambe, bambo."

"Ku Nsambe! Ndiye dzuwa lambiri lija munalitenga kuti? Mukanangonena, ndikanakupatsani ya 400."

Ndinapempha kuti akulitse chomalizacho, n'kutsukanso zinayi zija zazing'ono. Njira yonse yokwera phiri ndinkayeseza mawu opepesa.

Malume anayala zithunzizo pakauntala. Anayang'ana zawo chimodzichimodzi. Anatenga chachikulucho, anachitalikitsa, anachiyandikitsa.

"Uyu ndi msana wanga?"

"Eya, malume. Pepani. Vuto ndi langa, ndinasankha filimu molakwika. Anandifunsa za dzuwa, ine ndinanama."

Aka kanali koyamba kuuza munthu wamkulu chinthu chimene sanafune kumva.

"Jekete yakhala bwino kumbuyoku," anatero malume. "Sindinkadziwa."

Chachikulucho anachipachika okha pamsomali paja, atakwera pa kreti. Zinayi zija anazilowetsa m'thumba la mkati, ndipo sindinazionenso. Wogula woyamba kulowa anali mkulu wa mpingo uja. Anaima, anakweza chipewa pang'ono, n'kufunsa kuti kodi amayiwa akuimira chipani chanji.

"Cholamula," anayankha malume. "Mukufuna chiyani, mchere?"

Atatuluka mkuluyo, anandiitana pafupi. Anati lole ikamatsikanso ndikwere, ndikagule ya mchenga ija, ndipo ulendo uno adzaima m'nyumba, maso ali otsegula.