Malemu Ozimitsa Boila

Doña Ercilia Barría, mayi wamasiye wa ku Punta Arenas, tawuni yozizira kwambiri, anaphikira ometa nkhosa moyo wawo wonse, ndipo sankaopa munthu, galu ngakhale wansembe. Chimene ankaopa n'kuchotsedwa m'nyumba mwawo. Mwana wawo Maribel anali atanenetsa kuti akadzawapezanso akunjenjemera ndi chisanu, adzawanyamula ulendo wa kwake ku Santiago, azikakhala pansanjika yapamwamba ngati nkhunda.

Vuto linali boila, chimakina cha gasi chotenthetsa madzi amene amazungulira m'mapaipi kuti m'nyumba muzifunda. Boilayo inkayaka n'kuzima, kuyakanso n'kuzimanso, mapaipi ali zii. Doña Ercilia sankadabwa nazo. Amuna awo, malemu Don Aniceto, anali munthu woumira, amene ukwati wonse ankangoyenda pambuyo pa mkazi wake n'kumatsitsa gasi. Nanga imfa ikanamusintha munthu wotero?

Chithunzi cha malemuyo chinali pakhoma la pabalaza, ndipo m'mawa uliwonse mayiwo ankayatsa kandulo pansi pake. Sipankapita nthawi, boila inkazima.

"Wayambapo, mdala iwe? Kumandako akukulipiritsa gasi?"

Boila inkayakanso pang'ono ngati yachita manyazi, kenako n'kuzima. Ankakangana choncho mpaka kandulo kutha: za gasi, za nkonono, za mkazi wina wa ku Porvenir amene mdalayo anavina naye paukwati wa mphwake. Kunena zoona, ali moyo bamboyo sankayankha bwino chonchi.

Maribel ataimba foni kuti akubwera, mayiwo anaitana okonza. Woyamba anafika madzulo, kandulo itatha kale, n'kupeza boila ikugwira ntchito bwinobwino, koma anasinthabe pampu poti anali atabwera kale. Wachiwiri anatulutsa mpweya m'mapaipi, n'kumaliza mbale yonse ya mikate ya mbatata. Wachitatu, Don Belisario, anafika m'mawa, chifukwa madzulo, akamwa mowa, manja ake sakhala odalirika. Iye sanatsegule n'komwe thumba la zitsulo. Anangokhala pampando n'kumamvetsera mkangano wa banjalo.

"Mayi," anatero pomaliza, "kabokosi kali pambali pa chithunzika mukukaona? Ndi kamene kamauza boila ngati m'nyumba mwafunda. Kandulo ikakawamba, kamazimitsa. Mphepo ikalowa pansi pa chitseko n'kupotoza lawi, kamayatsanso."

"Ndiye mukuti si amuna anga?"

"Amuna anu sindinawadziwe, mayi. Ine ndimadziwa makina."

"Mukanawadziwa simukanalankhula zopepera zimenezo."

Komabe anamulola kusamutsa kabokosiko n'kukakakhoma m'kakhonde ka m'kati mwa nyumba kolowera kuchipinda, poti Maribel anali m'njira. Tsiku lomwelo nyumba inafunda mpaka mphaka anatuluka mu uvuni mmene ankagona.

Maribel anafika atakonzekera nkhondo. Anagwira mapaipi onse, anavula chikhoti, anavulanso juzi.

"Chabwino amayi, khalani. Koma ndidzabweranso osakuuzani. Ndikadzapeza mukuzizidwa, musadzandidandaulire."

"Pita bwino, mwana wanga. Kakhale pamwamba pakopo wekha."

Anapambana mayiwo, ndipo anasangalala zedi. M'mawa mwake anayatsa kandulo monga mwa nthawi zonse, n'kukhala pansi kudikira. Boila inangopitiriza kung'ung'udza mwakachetechete.

"Aniceto?"

Palibe.

"Iwe mdala woumira, gasi akuthatu uku! Ndatsegula mpaka kumapeto!"

Palibe. Anamutukwana, anatukwana azibale ake mmodzimmodzi, boila osazima ngakhale kamodzi. Pamenepo Doña Ercilia analira, kulira kwenikweni, kumene sanalire pamaliro chifukwa tsiku limenelo anatanganidwa kuwotchera anthu nkhosa. Nyumba inali yofunda bwino, koma munalibe woyankha.

Anapirira masiku angapo. Ankadziwa bwino lomwe kuti ndi kabokosi chabe, sanali opusa. Ankadziwanso kuti Maribel akanena chinthu amachita. Koma m'mawa wina anatenga hamala, msomali, chithunzi ndi kandulo n'kulowera m'kakhonde muja. Anakhoma chithunzi pambali pa kabokosi, msomali n'kupindika, anakhomanso. Anakoka katebulo, anayatsa kandulo, n'kuima manja ali m'chiuno.

Boila inazima.

"Unali kuti masiku onsewa, chitsiru iwe?" anatero, n'kupita kukavala chikhoti.