Nkhope imene malume anasefa

Mumsewu wonse malume anga amadziwika kuti a Sefa. Situdiyo yawo ndi kachipinda kopanikizika pakati pa wometa ndi wokonza mafoni. Muli kompyuta, mpando wothyoka mkono ndi nsalu yabuluu yopachika kukhoma. Ntchito imene amatchuka nayo ndi yoyeretsa zithunzi zojambulidwa mumdima, zija zimatuluka ndi timadontho ngati wina wawazapo mchenga. "Mchengawu tisefa," amatero, ndipo dzinalo linachokera pamenepo. Munthu wake safuna kuona kadontho, ngakhale pakolala ya mnzake amafuna akakande.

Akazi awo anamwalira msuweni wanga asanayambe kuyenda. Anasiya chithunzi chimodzi chokha, cha pafoni yakale, atakhala pakhomo la khitchini magetsi atazima. Chinali mchenga wokhawokha. Malume analumbira kuti mwanayo adzaiona bwino nkhope ya mayi ake. Pulogalamu yatsopano ikangobwera ankayambira pachithunzicho: kusefa, kusunga pamwamba pa chakale, kusefanso. Foni ija inafa kalekale. Nkhope inasalala kuti see, anaipachika pabalaza, ndipo msuweni anakula akuipatsa moni m'mawa uliwonse.

Chaka chatha kunabwera akulu awo a malemu, amene amakhala kutali ndipo sanapondeko kwathu chichokereni pamaliro. Asanakhale n'komwe anayang'ana pakhoma.

"Alamu, mayi wokongolayu ndi ndani?"

Msuweni anaseka. "Amayi aakulu inunso! Si amayi amenewa?"

"Ayi, mwanangu. Mng'ono wanga anali ndi timadontho takuda m'masayamu, ngati tako tomweti. Analinso ndi kachipsera pachibwano, ndinamugwetsa panjinga ndine."

Msuweni anadzigwira tsaya. Timadontho timeneto wakhala akutibisa ndi paudala chiyambire kukula, poti amayi ake apakhoma analibe.

Sefa ya pakompyuta siidziwa kuti uwu ndi mchenga, uyu ndi munthu. Chilichonse chaching'ono ndi chakuda imachotsa. Malume ankazidziwa zimenezi, ankawachenjezanso makasitomala, koma pachithunzi chawo dzanja silinkaima.

Tsiku lina masana ndinawapeza musitudiyo atangokhala, maso ali pakompyuta.

"Mphwanga," anatero, "ndikatseka maso amabwera ndi wapakhomayu. Mkazi wanga sakubweranso."

Ndinachita mantha, ndipo mpaka lero ndikalowa pabalaza paja sindiyang'ana kukhoma. Mayi uja amamwetulira bwinobwino, koma palibe amene anakumanapo naye.

Masiku ano makasitomala amadandaula kuti a Sefa akalamba, akumasiya mchenga pazithunzi. Ntchito ikachepa malume amamukhazika msuweni pampando wothyoka uja, kumuyang'ana tsaya, n'kumabwezera timadontho pachithunzi cha malemu chija kamodzikamodzi.

Dzulo anandiitana. "Mphwanga, kachipsera kaja kanali kumanzere kapena kumanja?"

Ine nthawi imeneyo ndinali mwana, sindikumbuka chilichonse. Koma ankandiyang'ana, dzanja lili pa mausi ya kompyuta, akudikira.

Ndinangoti kumanzere.