Bweretsa Ndikusungire

Kwathu ku Ndirande ndalama ya mwana sinkagona m'manja mwa mwana. Mlendo akamatsanzika, makamaka amalume anga a ku Chilomoni amene ankagwira ntchito m'boma, ankandifumbatitsa kandalama n'kunena kuti ndikagule switi. Ine ndinkagwada n'kuthokoza. Tikawaperekeza pa siteji, minibasi isanakhote n'komwe, amayi ankatambasula dzanja.

"Bweretsa ndikusungire."

Ndinkapereka. Ankaimanga pa nsonga ya chitenje, nkhani n'kuthera pomwepo.

Amayi ankagulitsa makala m'mphepete mwa msewu wopita kumsika. Mawu awo anali akuti mwana wozolowera ndalama, tsiku limene yasowa amaba. Ndiye nthawi ya breki anzanga akamagula zitumbuwa ndi bwemba, ine ndinkamasula kajumbo ka mbatata yadzulo n'kukadyera kuseri kwa kalasi. Ndili Sitandade 7 ndinalimba mtima n'kuwapempha kuti pa zimene ankandisungira zija andipatseko zogulira nsapato.

"Zilipo," anatero. "Nthawi yake sinakwane."

Ana onse a m'dera lathu tinkadziwa kumene ndalama zosungidwa zimapita: ku ufa ndi sopo. Sindinafunsenso, koma sindinaiwale. Ine ndikasunga chinthu mumtima chimakhalitsa.

Nditabereka mwana wanga wamkazi, tikukhala ku Machinjiri, ndinatsimikiza kuti iye adzagwira ndalama. Atayamba sukulu ndinkamupatsa ya sabata yonse Lolemba m'mawa. Akaimaliza Lachiwiri, zake zimenezo. Bambo ake ankati ndikumuwononga. Ndinkawayankha kuti ine amene sanandiwononge, malipiro anga satha masabata awiri, chifukwa ndikagwira ndalama ndimathamangira kuidya wina asanandilande.

Kenako miyendo ya amayi inayamba kutupa, ndipo ndinawatenga kuti adzakhale nafe. Sabata yachiwiri, nditangofika kuchokera kuntchito, mwana anandichingamira pageti nkhope ili gwa.

"Agogo atenga ya sabata ino. Akuti andisungira."

Chikwama sindinachiike pansi. Amayi anali pakhonde akusankha nyemba, ndipo mayi woyandikana nafe nyumba ankaanula zovala pafupi pomwepo. Ndinamuona, koma pakamwa panga sindipadziwa bwino ndikapsa mtima.

"Amayi, za ku Ndirande musazibweretse muno. Zanga zija munkandisungira zaka zonse zija zili kuti? Munadya. Ndiye za mwana wangayu musadyenso."

Amayi anamaliza kusankha nyembazo, anataya zinyalala, analowa m'nyumba. M'mawa mwake anati akufuna akaone nyumba yawo, akuba angathyole. Ndinawakweza minibasi, ndipo ndalama ya mwana ija palibe anaitchula.

Ndinkati Loweruka ndipita ndikapepese. Loweruka linafika ndili ndi zochapa. Lotsatira kunali chinkhoswe cha mnzanga wakuntchito. Ya mankhwala ndinkawatumizira pafoni, iwo n'kuimba kuti, "Zafika," n'kudula. Tinakhala choncho miyezi inayi. Anamwalira mvula isanagwe, ndisananene mawu amodzi aja.

Pamaliro sindinalire. Sikuti ndinkadziletsa, misozi sinabwere basi. Azimayi akumpingo ankaimba, ine ndinadziphimba chitenje kumutu kuti asaone kuti m'maso mwanga ndi mouma. Ndinkangoganiza zoti nkhuni zikwanira kapena ayi.

Tsiku logawa zovala, amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, ndiwo anatsegula sutikesi. Anatulutsa zitenje, yunifolomu ya kumpingo, duku. Pansi penipeni panali chitini cha mkaka wa ufa. Pachivindikiro panali dzina langa, lokanda ndi msomali, zilembo zokhotakhota. Amayi sukulu sanapite nayo patali.

Amayi aang'ono anandipatsira chitinicho osandiyang'ana. M'kati munali ndalama zamapepala, iliyonse yopindidwa kangapo monga mmene mlendo amapindira pofumbatitsa mwana, zina zodetsedwa ndi zala za makala. Pansi pake panali makobidi. Zonse zinali za mtundu wakale uja umene unasiya kugwira ntchito kalekale. Palibe wa golosale angazilandire.

"Ankati adzakupatsa pa ukwati wako," anatero amayi aang'ono. "Koma iwe unangolowana ndi bambo aja popanda mwambo, iwo anakwiya, n'kuzisungabe. Mtima utatsika anapeza kuti ndalama zinasintha. Anachita manyazi kukuuza kuti zafera m'chitini. Anandiletsa ndisakuuze."

Pamwamba pa zonsezo panali pepala limodzi latsopano, faifi handiredi. Inali ya mwana wanga ija.

Ndinayembekezera kuti mwina apa ndilira. Palibe chinachitika. Ndinatseka chitinicho n'kufunsa ngati mabulangete agawidwa kale. Pobwerera ku Machinjiri ndinachinyamula pamiyendo m'minibasi, makobidi aja akulira galimoto ikagwa m'dzenje. Kondakitala anaseka n'kunena kuti mayi mwalemera.

Anzanga kuntchito amakonda kukangana ngati n'koyenera kupatsa ana ndalama ya sabata. Kale mkangano umenewo ndinkautsogolera ndine, mawu anga ankamveka mpaka pakhomo. Masiku ano akandifunsa ndimangoti sindikudziwa, n'kupitiriza kumwa tiyi.

Lolemba loyamba pambuyo pa maliro ndinatulutsa faifi handiredi ija n'kumupatsa mwana. Ndinamuuza kuti ndi yake ija, agogo sanadye. Anaitembenuza, n'kuinunkhiza.

"Ikumveka fungo la agogo."

Ndinamuuza kuti afulumire, achedwa kusukulu. Anafika pageti, anaima, kenako anabwerera dzanja lili patsogolo.

"Amayi, ndisungireni."

Ndinailandira. Ili m'kathumba kam'kati ka chikwama changa mpaka lero. Nthawi imene ankandipatsa inkagula tchipisi mbale yathunthu, pano ndi mandasi awiri kapena atatu. Pakhala masiku amene ndatsala ndi iyo yokha pa siteji, ndipo ndayenda wapansi.