Ndowa ya Madzi pa Nyama ya Mkulu wa Mpingo

Nditamaliza maphunziro ku Hillhead, mumzinda wa Glasgow, ntchito imene ndinaipeza inali yoyang'anira malo ogona alendo a matenti m'nkhalango ina ya boma kumpoto kwa Glasgow. Inali ya miyezi yotentha yokha. Ndinkanyamuka ku Springburn, komwe ndinkakhala, pa sitima, kenako basi, n'kukavala yunifolomu yobiriwira. Ndinkalandira alendo, kuwalozera pokhoma tenti, kutola zinyalala, ndi kukangana ndi oledzera. Oledzerawo ndinawaiwala. Amene sindimuiwala ndi mkulu wina wa mpingo wathu, bambo wa mawu aakulu amene ankakonda kutchedwa tate wa Amalawi onse a mumzindamo.

Chaka chimenecho kunachita ng'amba, chinthu chosowa ku Scotland. Udzu unauma, ndipo abwana anga analetsa moto wa mtundu uliwonse. Loweruka lina masana ndinaona utsi ukufuka kumapeto kwa malowo. Nditathamangirako ndinapeza anthu a kumpingo kwathu, odzaza minibasi, atayala zitenje pansi. Mkuluyo anali atathyola nthambi za mtengo wamoyo, n'kusonkha moto patsinde pake penipeni, nyama ili pawaya.

"Mwaswera bwanji bambo," ndinatero. "Pepani, moto ndi woletsedwa. Ndikupempha muzime."

Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato. "Aa, ndi iwe? Ndiye zayenda. Pita ukatitengere mipando."

"Bambo, ndati muzime."

"Iwe mtsikana, malaya a azunguwa akukuzunguza mutu eti? Unafika muno ulibe ndi jekete lomwe. Anakulandira ndani?"

Sanandilandire iyeyo. Anandilandira ndi mayi wina wamasiye wa ku Easterhouse, amene tsikulo anali pomwepo, maso ali pansi. Amayi ena anayamba kuseka chamumtima, wina n'kunena mokweza kuti sukulu ikachuluka ulemu umathawa. Mphepo inali ikukankhira malawi ku udzu, ndipo pafupi pomwepo panali tenti ya banja lina lokhala ndi khanda.

Ndinapempha kachitatu. Iye anatembenuza nyama, akuimba nyimbo ya m'buku. Ndinapita pampopi, ndinatunga ndowa yodzaza, n'kukhuthulira pamoto ndi panyama pomwe. Phulusa linamuthovukira pa thalauza loyera.

"Mfiti iwe!" anakuwa. "Makolo ako ndi ndani? Ndiwauza!"

"Auzeni," ndinayankha. "Mukatha mutole mafupa anu."

Anapita kukandineneza kwa abwana anga, akuyankhula chizungu chosalala, kuti ndamuchititsa manyazi pamaso pa nkhosa zake. Abwanawo, mayi wosachedwa ndi nkhani, anabwera kudzaona nthambi zothyoledwazo, n'kuwauza onse kuti apakire. Minibasi inatuluka pageti popanda wonditsanzika. Ndinatsala ndikufotsera makala ndekha, ndikutola mbale za pulasitiki zimene anazimwaza dala.

Lamulungu lotsatira ndinapita kutchalitchi. Mkuluyo ndiye anatsogolera pemphero, ndipo anapempherera ana aakazi amene afika kunja kuno n'kumera nyanga. Anthu anavomera amen wamphamvu. Potuluka, amayi amene ndinkaphika nawo pa maukwati anandidutsa ngati chitsa. Mayi wa ku Easterhouse uja anandigwira dzanja pakhomo, n'kunong'ona kuti ndikapepese kuti nkhani ithe. Ndinamufunsa kuti ndipepese chiyani. Anangoti, "Ndi wamkulu, mwanangu."

Sindinapepese. Ndinasamukira ku mpingo wina, wa azungu okalamba ochepa, kumene nyimbo zake n'zozizira koma palibe amene amafunsa za makolo anga. Ntchito ija ndinaigwira mpaka nyengo inatha, ndipo chaka chotsatira anandiitananso.

Mwezi wathawu, patapita zaka zambiri, ndinakumana ndi mkulu uja m'basi ya ku Springburn. Wakalamba, akuyenda ndi ndodo. Ndinanyamuka n'kumusiyira mpando, chifukwa ndi mmene ndinaleredwera. Anakhala osathokoza, ine ndinaimirira osamupatsa moni, mpaka ndinatsika.