Njere ya mtedza kukhutu kwa azakhali

Vitus sakhazikika. Ndakhala naye pa siteji ya kabaza pa Kamwendo zaka zisanu, ndipo sindinamuonepo atapinda manja. Enafe tikamadikira okwera timawodzera pa njinga, koma iye zala zili yakaliyakali. Kachitsekerero ka botolo kali m'dzanja ili, kasowa, kenaka katulukira m'thumba la malaya ako. Nthawi zina zimanditopetsa, koma ndimayang'anabe.

Masewerawa anawaphunzira kwa dalaivala wina wa ku Chipata amene lole yake inafera pano sabata yathunthu, ena n'kuwonjezera pa foni. Amathyola kamtengo ka machesi m'kampango, n'kukatulutsa kali kathunthu. Amadula chingwe pakati, n'kuchilumikiza pongochiuzira mpweya. Ukamufunsa wachita bwanji, yankho ndi limodzi: "Ndikakuuza, mawa udzaseka chiyani?" Sanaululirepo munthu, ngakhale Rozi, mtsikana wa kwa Dambe amene ankafuna kumanga naye banja.

Tsiku lokaonekera kwawo kwa Rozi ndinamuperekeza ndine. Njira yonse ndinkamukumbutsa kuti mkamwini amakhala phee, maso pansi. Anapirira mpaka thobwa litazungulira kawiri. Anthu atayamba kumasuka, anatola njere ya mtedza m'lichero, n'kuisowetsa, n'kukaitulutsa kukhutu kwa a Stella, azakhali ake a Rozi. Ena anaseka. A Stella sanaseke. Anagwira khutulo uku akuyang'anitsitsa njere ija.

Vitus sankadziwa kuti khutu limenelo linali litawavutitsa miyezi itatu. Ndipo kwathu kuno chinthu chikatuluka m'thupi mwa munthu, aliyense amafuna kudziwa amene anachiikamo.

Pofika Lachitatu nkhani inali itatipeza pa siteji. A Stella ankauza aliyense kuti khutu lapola, mkamwini wawachotsa chimene anawaponyera. Wowaponyerayo anamutchulanso: mlamu wawo, mayi ake a Rozi. Paja awiriwa anakanganapo za malire a munda, ndipo mtedza wa m'lichero uja unali wa mayiwo. Anzawo a kumpingo anayamba kuwalambalala mayiwo pa mjigo. Bambo wina anayenda mpaka pa Kamwendo, n'kupinda thalauzi kuti Vitus amuone bondo.

Lachinayi Rozi anabwera yekha, maso ali otupa.

"Amayi sakutuluka m'nyumba," anatero. "Tiyeni mukawauze anthu mmene mumapangira."

"Ndikanena, azakhali ako achita manyazi pagulu," anayankha Vitus. "Ukuganiza kuti za ukwati azilolanso?"

"Ndiye amayi akhale mfiti kuti inu mukwatire?"

Masiku awiri otsatira Vitus anangokhala wozungulirazungulira. Ankapopa matayala okhuta kale, kupukuta tcheni, kunyamuka wopanda womukweza n'kubwerera panjira. Ndinamukalipira kuti akhale pansi, akutizunguza mutu. Anakhaladi, koma sipanathe mphindi ziwiri.

Lamlungu anthu atatuluka m'tchalitchi tinapita kwa Dambe. Vitus anaima pabwalo la kwawo kwa Rozi, n'kutukula dzanja kuti onse aone. Anaonetsa pang'onopang'ono mmene njere imabisalira pakati pa zala ziwiri, pamene maso a anthu ali pa dzanja linalo. Anabwereza katatu. Poona kuti ena akukayikabe, anandipatsa ine njereyo, ndipo ndi zala zanga zouma ndi mahandulo ndinatulutsa njere kukhutu kwa mkulu wa mpingo. Sanalekere pomwepo. Anasolola kamtengo ka machesi kachiwiri kamene amakabisa mumpendero wa kampango, n'kuonetsanso kachidutswa ka chingwe kamene amadula m'malo mwa chingwe chenichenicho.

"Basi? Zomwezo?" anatero mayi wina, mokhumudwa ngati amuphwanyira mbale.

Ndinamumvera chisoni mnzanga. Zimene anasunga zaka zonse zija zinathera pabwalopo.

A Stella anadzuka, n'kumanga chitenje. "Ndiye munandisandutsa chidole pamaso pa ana?" Anachoka osatsanzika, ndipo madzulo anatumiza mawu akuti pa ukwati umenewo phazi lawo silidzapondapo. Khutu lija tinamva kuti linayambiranso, mpaka anapita nalo kuchipatala.

Panadutsa masabata awiri kuli zii. Rozi sankayankha foni. Vitus anasiya masewera onse, manja n'kumangosisita mawondo.

Tsiku la msika mayi ake a Rozi anatulukira pa siteji. Apongozi sayang'anizana ndi mkamwini, choncho anaima chammbali n'kulankhula ndi ine.

"Muwauze anzanuwo kuti atsibweni a Rozi akudikira ankhoswe awo Loweruka." Anaika kajumbo ka mtedza wokazinga pa njinga ya Vitus. "Muwauzenso kuti uwu ndi wakudya."

Atapita, Vitus anatola njere imodzi. Mwachizolowezi inayamba kulowa pakati pa zala. Anaiyang'ana kanthawi, misozi ili lengelenge, n'kuiponya m'kamwa.